Moni wa Manja a Tsabola

Mumpingo mwathu kuno ku Kakumbi, achinyamata akafuna kuphunzitsidwa za ulemu amaitana ine. Sindikudzitama, ndi mmene zakhalira kwa zaka zambiri. Ndimawauza za kulandira chinthu ndi manja awiri, za kupatukira akulu panjira, za kusafunsa mlendo ngati ali ndi njala. Chimene sindiwauza (ngakhale ndikuganiza kuti onse akuchidziwa, chifukwa ndikafika pa mutu wa moni ena amayang'ana pansi mapewa akugwedezeka) n'chakuti ulemu wanga womwewu unatsala pang'ono kupha ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Lero ndati ndiulule ndekha, poti wobisa zolakwa zake zinthu sizimuyendera.

Mwanayo ndi Esnati. Mayi ake anatisiya iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo wakulira m'manja mwa ine ndi mkazi wanga, amake Lute. Atakula anapezana ndi mnyamata wina dzina lake Danieli, wophika ku loji ina ya ku Nkwali, mwana wofatsa ndi wopemphera. Ife tinamukonda. Vuto linali kwawo. Danieli ndi wa kumtunda, cha ku Chipata, ndipo nkhani zonse za pabanja pawo zimadutsa mwa atate ake aakulu, a Jere, amene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu mpaka anapuma. A Jere atamva kuti mnyamata wapeza mkazi kuchigwa, akuti anavula magalasi n'kufunsa ngati kumtunda akazi anatha. Iwo ankakhulupirira kuti ife a kuno takhalitsa ndi nyama za m'tchire mpaka tinatengera khalidwe lake. Danieli anachonderera miyezi itatu. Pomaliza a Jere anati abwera okha kudzaona pakhomo pamene mtsikanayo anakulira. Akakhutira, nkhani ipitirira. Akapanda kukhutira, Danieli aiwale. Ndipo Danieli si mwana wotsutsa akulu. Akanaiwaladi, ngakhale akanaonda nazo.

Anatuma mawu kuti afika Loweruka, fotini awazi, ndiye kuti thu koloko masana.

Sabata yonseyo pakhomo panali ngati tikulandira abusa atsopano. Amake Lute anazira khonde, anasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe, anaphika munkhoyo (chakumwa chathu chotsekemera cha ufa wa chimanga), n'kugula sopo wonunkhira ndi thaulo latsopano loyera. Lachinayi Danieli anadutsa pa njinga kudzatichenjeza. Anati atate ake aakuluwo sayang'ana kukula kwa nyumba kapena kuchuluka kwa mbuzi, amayang'ana tinthu ting'onoting'ono. Anatiuza za msuweni wake wina amene chibwenzi chake chinathera pamsewu, alendo asanalowe n'komwe m'nyumba, chifukwa amalume a mtsikanayo anapereka moni dzanja lina lili m'thumba. Ine ndinaseka n'kumuuza kuti pa nkhani ya moni asade nkhawa, wafika pa mwini wake. (Kudzikuza kumayenda patsogolo, kugwa kumatsatira pambuyo. Mawu amenewa ndawalalikirapo kangapo.)

Lachisanu madzulo Esnati anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga. Anazungulira kwambiri, koma pempho lake linali limodzi.

"Amalume, alendo akabwera musayambe nkhani za njovu."

Ndinamumvetsa. Kuno ukafunsa munthu kuti wadzuka bwanji, yankho lake limakathera pa njovu. Alendo a kunja amawoloka nyanja kudzaziona, ife timagona tikupemphera kuti tisazione. Mwanayo sankafuna kuti a Jere abwerere kwawo akunena kuti, ndinakuuzani, anthu aja nkhani yawo ndi ya zilombo basi. Ndinamulonjeza kuti dzina la nyamayo silituluka pakamwa panga.

Koma njovuzo sizinalonjeze kanthu. Unali mwezi wa Malichi, chimanga chitayamba kukhwima. Loweruka m'mawa ndinapeza kuti zalowa m'munda wa mnzanga woyandikana nane n'kusiya mapesi okhaokha, ndipo mvula ya masiku awiri inali itatsuka mpanda wanga. Kwa inu amene simuudziwa, mpanda wathu si wa mitengo kapena waya. Timamanga zingwe kuzungulira munda, n'kupachikapo nsanza, ndipo zingwe ndi nsanzazo timazipaka tsabola wosinja wosakaniza ndi oilo wakutha wa mu injini. Si tsabola wothira m'ndiwo ayi. Ndi kamtundu kakang'ono kaja kamene njovu ikangokanunkhiza imabwerera ikupukusa chitamba. Anzathu amavala magolovesi. Anga anang'ambika kalekale, ndipo manja anga anazolowera, moti ndimangomva kufunda pang'ono ngati ndagwira kapu ya tiyi. Ukamaliza ntchitoyi pali mwambo wake: kupaka manja mafuta ophikira, kutsuka ndi sopo, kupakanso, kutsukanso, mpaka katatu, ndipo ngakhale utatero osakhudza kumaso mpaka dzuwa litalowa. Ndinawerengera kuti pofika thwelofu ndikhala nditamaliza zonsezo, nditasamba, nditavala jekete, ndikudikira alendo ngati munthu amene sanaonepo munda.

Foni inalira cha m'ma teni. Anali amake Lute, akulankhula motsitsa mawu. Galimoto ya alendo yaima pamsewu, ikufunsa njira ya kwathu.

Teni koloko. (Pambuyo pake ndinamva kuti ndi mmene a Jere ankachitira ndi aphunzitsi awo: kunena nthawi ina, kufika nthawi ina, kuti aone zinthu mmene zimakhaliradi.)

Ndinathamangira ku kakhwawa ka m'mphepete mwa munda n'kukwecha manja ndi mchenga mpaka kuda konse kwa oilo kunachoka. Poyang'ana anali manja oyera bwinobwino, manja a mkulu wa mpingo. Ndinkadziwa kuti madzi ndi mchenga zimachotsa kuda kokha, tsabola amatsala. Ndinkadziwa ndithu, sindinganame kuti ndinaiwala. Koma ndinakumbukira kholo lathu lija limene litaona alendo atatu dzuwa lili paliwombo linathamanga kukakumana nawo, osayamba lakasamba. Nditafika pamsewu n'kuona kuti anganso ndi atatu, ndinati ichi n'chizindikiro.

Ndinawapeza atatsika kale. A Jere anali munthu wamtali, atavala suti yotuwa, tayi, ndi nsapato zonyezimira zimene zinkaoneka zachilendo pa matope athu. Pambali pawo panali mlongo wawo, azakhali ake a Danieli, mayi wa thupi ndi nkhope yokoma mtima. Wachitatu anali mng'ono wawo, amene ankayendetsa galimoto, munthu amene tsiku lonselo sindinamve mawu ake oposa khumi. Esnati anali atafika kale kudzalandira zikwama ndipo anaima chapatali.

A Jere anatambasula dzanja. Ine ndinachita zimene aliyense amachita akachokera ku ntchito yodetsa: ndinafumbata zala n'kupereka pamkono. Iwo anayang'ana mkonowo, kenako anayang'ana manja anga oyerawo, dzanja lawo lili chitambasulire.

"Kodi kuno alendo mumawapatsa moni wa pamkono?" Anafunsa mwaulemu kwambiri, ulemu uja wokhala ndi minga mkati.

Apa ndi pamene ndinayenera kunena kuti, pepani atate, ndachokera kopaka tsabola. Mawu asanu okha. Koma akanafunsa kuti tsabola wa chiyani, ndipo yankho lake likanakhala nyama ija ndinalonjeza kusaitchula. Ndinakumbukira munthu wa dzanja m'thumba uja. Ndinaona Esnati akundiyang'ana, atakumbatira chikwama cha azakhali ngati mwana. Ndinatambasula zala. Ndinagwira dzanja la a Jere ndi manja anga onse awiri, ndipo pofuna kufafaniza mlandu wa mkono uja, sindinalisiye msanga. Ndinawafunsa za ulendo, za kunyumba, za mvula ya kumtunda, za msewu wa m'mapiri, dzanja lawo lili m'manja mwanga, thukuta lathu likusakanikirana. Azakhali ndinawachitira chimodzimodzi. Woyendetsa galimoto uja, kuti asaone ngati ndamuchepetsa, ndinamugwira nthawi yaitali kuposa onse.

Kunyumba tinawakhazika m'chipinda chochezera, pa mipando imene amake Lute anayalapo tinsalu toluka. Kunkatentha monga kumatenthera kuno mvula ikangoleka, kutentha konyowa kumene munthu wa kumtunda amakhala ngati akusungunuka. Amake Lute anabweretsa beseni la madzi, sopo ndi thaulo latsopano lija kuti alendo asambe m'manja asanamwe munkhoyo. Ine, pofuna kuonetsa kuti kuchigwa mwamuna sachita manyazi kutumikira alendo, ndinalandira besenilo n'kuwauza abwerere kukhitchini (nkhuku inali isanagwidwe n'komwe). Ndinagwada nalo pamaso pa a Jere.

Anakana. Anati kwawo mwini nyumba ndiye amayamba, kuti mlendo adziwe kuti madzi ndi abwino. Ndinati kwathu amayamba ndi mlendo. Anati iwo ndi ana chabe m'nyumba muno. Ndinati mwana ndi ine. Tinakankhirana besenilo mpaka madzi anayamba kutayikira pa simenti, ndipo ndinagonja. Ndinasamba ndi sopo bwinobwino, mpaka pakati pa zala. Mumtima ndinathokoza Mulungu kuti wandipatsa mpata wochotsa tsabola mwakachetechete. Sindinadzifunse kuti akachoka m'manja mwanga apita kuti. Pamwamba pa madzi panayandama timadontho ta mafuta tofiirira, ndipo ndinatibalalitsa ndi chala. Ndinapukuta manja pa thaulo. Kenako anasamba a Jere, azakhali, ndi mng'ono wawo, m'madzi omwewo, n'kupukuta pa thaulo lomwelo. Womalizayo anadzipukutanso nalo thukuta pamphumi ndi m'khosi.

Ndinati tisanamwe kanthu, tiyambe tapereka ulendowu m'manja mwa Ambuye.

Tsono anthu amapemphera mosiyanasiyana. Ine ndimaimirira, buku la Malemba nditaligwira pachifuwa ndi manja awiri. Azakhali anawerama n'kubisa nkhope yonse m'zikhatho. Mng'ono wawo anachita chimodzimodzi. A Jere anavula magalasi, anaika chigongono pabondo, n'kutsina pakati pa maso ndi zala ziwiri, chala china pa chikope ichi, china pa icho, monga amachitira anthu ophunzira. Ndinaziona zonsezi ndisanatsinzine, ndipo ndinakondwera kuti Esnati akupita kwa anthu oopa Mulungu.

Ndinayamba ndi kuthokoza za ulendo. Ndisanafike patali ndinamva wina akufwenthera. Ndinapitiriza. Nditatchula ana amasiye, ndi Iye amene ali Atate wawo, azakhali anabuula motsitsa. Abale anga, ndakhala ndikupemphera pagulu zaka zoposa makumi awiri, ndipo chimene ndimamva kawirikawiri ndi kutsokomola, kulira kwa mabenchi ndi kwa makanda. Sindinamvepo munthu wamkulu akulira chifukwa cha pemphero langa. Mtima wanga unatentha. Ndinati, Ambuye, mwaona kuti nkhaniyi ndi yolimba, ndiye mwatsika nokha kudzamenya thanthwe kuti litulutse madzi.

Ndiye ndinawonjezera. Ndinatchula malemu mlongo wanga, ndi mmene anandigwirira dzanja pondisiyira mwanayu. Ndinatchula mtsikana wachilendo uja amene anasiya dziko la kwawo n'kutsata apongozi ake, nadzakhala kholo la mafumu. Ndinapempherera kumtunda ndi kuchigwa, kuti phiri litsitsidwe ndipo chigwa chidzazidwe. Pamenepo a Jere enieniwo anatulutsa "Mmmh" wamtali, wochokera pansi pa mimba, ndipo mpando wawo unayamba kulira chifukwa chogwedezeka. Ine ndinamva ngati akuti, pitirizani mtumiki. Ndinapitiriza. (Amake Lute akuti anagwira nkhuku, kuipha, kuisosola ndi kuidula ine ndisanafike pa ameni. Ndikuona ngati amawonjezera, koma osati kwambiri.)

Nditatsegula maso ndinaona zimene sindidzaiwala. Anthu atatu akuluakulu, maso ofiira ngati makala a moto, misozi ikutsika mpaka m'chibwano. Tayi ya a Jere inali itanyowa. Mng'ono wawo ankapuma ndi pakamwa ngati nkhuku ya mu Okutobala. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anadandaula. Munthu woleredwa bwino sanena m'nyumba ya eni kuti madzi anu andiwotcha, makamaka ngati wabwera kudzayesa ulemu wa ena. Azakhali anayesa kumwetulira.

"Zikomo atate," anatero. "Pemphero lanu ndi lamphamvu."

Ndinayankha modzichepetsa kuti mphamvuyo si yanga. Kenako, poona a Jere akupapasa m'matumba kufuna kampango, ndinatola thaulo lija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analiyang'ana kanthawi, n'kulilandira. Anapukuta maso onse awiri mosamala. Atatero analozetsa nkhope kudenga, misozi ikutsika kuposa kale.

Kuona munthu wouma ngati ameneyo atasweka chotero kunandikhudza. Ndinakumbukiranso mlongo wanga, ndipo misozi yanga inabwera. Ndinaika buku pa tebulo n'kuipukuta ndi zala.

Malemba amanena za munthu amene mamba anagwa m'maso mwake nayamba kuona. Ine ndinayamba kuona pamene maso anga anatsekeka. Sopo wa ulendo umodzi sachotsa zonse, ndipo moto umene unalowa m'zikope zanga unandifotokozera nkhani yonse nthawi imodzi: moni wa pamsewu, beseni, thaulo, ndi "Mmmh" uja. Ndinakhala pampando wanga. Tsopano olira tinali anayi.

Ndiulule chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa tsabolayo. Ndinaganiza zokhala chete. A Jere anali atayamba kunena, ndi mawu osasa, kuti mwina ndi fumbi la mumsewu, kapena mpweya wa kuno sanauzolowere. Azakhali anali atapereka kale ulemu kwa pemphero. Panali makomo awiri otulukira, onse otsegula, ndipo palibe akanandigwira. Ndinadziuza kuti ndikhala chete chifukwa cha mwana. Woyesa uja sabwera ndi nyanga ayi, amabwera ndi chifukwa chomveka bwino.

Pamenepo Esnati analowa ndi jagi ya munkhoyo ndi makapu pa thireyi. Anagwada pakhomo, anakweza maso, n'kuona akuluakulu anayi akulira osalankhulana. Mwana amene anataya mayi ake ali wamng'ono amadziwa kuti chipinda chotero sichikhala ndi uthenga wabwino. Anaika thireyi pansi pang'onopang'ono kuti makapu asagundane. Anatembenukira kwa a Jere n'kunena ndi mawu aang'ono kuti ngati nkhani yakanika, iye wamva, ndipo sakwiyira munthu. Anapempha chinthu chimodzi: asakaipitse dzina la amalume ake kumtunda, chifukwa anamulera ngati wobereka okha, ndipo ngati alendo aona cholakwika pakhomo pano, cholakwikacho ndi cha iye. Atatero anaphimba nkhope ndi chitenje. M'chipinda monsemo, iye yekha ndi amene ankalira popanda tsabola.

Sindikanathanso. Ndinatsika pampando n'kugwada pafupi naye, maso ali chitsinzinire, nkhope nditalozetsa kumene ndinkaganiza kuti kuli a Jere (amake Lute, amene anali atafika pakhomo, akuti ndinkalankhula ndi kabati).

"Atate, si fumbi, ndipo si pemphero. Ndi tsabola wa njovu. Anali m'manja mwanga pokupatsani moni."

Ndinafotokoza zonse, osasiya ngakhale timadontho ta mafuta tija. Woyamba kulankhula anali mng'ono wawo wosalankhula uja, amene anafunsa ngati munthu amachira.

Amake Lute ndi amene anatipulumutsa. Sanataye nthawi ndi kupepesa. Anatitulutsira tonse anayi kuseri kwa nyumba, wina atagwira malaya a mnzake ngati akhungu otsogolerana, n'kutikhazika pa mphasa. Anabweretsa botolo la mafuta ophikira, sopo wochapira ndi ndowa ziwiri za madzi ozizira. A Jere anavulidwa jekete ndi tayi. Mphunzitsi wamkulu uja anakhala atatambalitsa miyendo, nkhope ikunyezimira ndi mafuta, akuuzidwa kuti tsinzinani, tsegulani, musatikite, ngati mwana wa giredi wani. Ndipo ankamvera. Esnati, amene tsopano sankadziwa kuti alire kapena aseke, ankathira madzi azakhali ndi kuwakupiza ndi lichero. Ine anandisiyira kumapeto, ndipo pondithira madzi amake Lute anandilankhula m'Chikunda, chinenero chimene amachisungira nkhani zikuluzikulu. Sindimasulira.

Patapita ola limodzi tinali pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi kansalu konyowa kumaso. Ukwati ndinali nditatsanzikana nawo kale mumtima. Ndinkangoganiza mmene ndidzamuyang'anire Danieli m'tchalitchi, ndi zimene ndidzamuyankhe mlongo wanga tsiku limene tidzakumane. A Jere anachotsa kansalu kawo.

"Bambo, n'chifukwa chiyani simunanene pamsewu paja?"

Ndinati ndinaopa kuoneka wopanda ulemu.

A Jere anati iwo anayamba kupsa ine ndisanamalize kuthokoza za ulendo, ndipo anadziwa kuti chavuta ndi madzi aja. Akanangodzuka n'kutuluka, bwenzi atapsa pang'ono chabe, koma anaopa kudula pemphero la mwini nyumba. Thaulo nalonso analandira akulikayikira, koma chinthu chopatsidwa ndi manja awiri sakana. Azakhali anayamba kuseka pansi pa kansalu kawo, mimba yokha ikugwedezeka, n'kufunsa alongo awo kuti kodi amene ananena fotini n'kufika teni ndani. A Jere anangopempha kuti akaone mpanda wa tsabola uja.

Tinapita awiriwiri, iwo atavala malaya okha ndi jombo zanga. Ndinawaonetsa zingwe ndi nsanza, ndipo anaziona ataima patali ndithu, manja ali kumbuyo. Ndinawaonetsa munda wa mnzanga, mmene mapazi a njovu anali ngati mabeseni m'matope, ndipo chakudya cha chaka chonse chinali chitagona pansi. Lonjezo langa kwa Esnati linali litasweka kale, ndiye ndinalankhula momasuka. Anafunsa ngati tsabolayo amazibweza zonse. Ndinati zambiri amazibweza, koma pali nkhalamba imodzi imene inaphunzira kulowa chobwerera m'mbuyo, chitamba chili kutali ndi chingwe. Anati njovu imeneyo ili ndi nzeru kuposa iwo. Kenako analoza kansanja ka pakati pa munda n'kufunsa kuti amakhalapo ndani. Ndinati nyengo ino timalonda mosinthana, ine, amake Lute ndi Esnati. Mwanayo anayamba ali giredi naini, chitini chomenya poopseza njovu chili mbali ina, mabuku a kusukulu mbali ina. Anakayang'ana kansanjako nthawi yaitali ndi maso awo otupawo.

Tinadya mochedwa, mpunga ndi nkhuku, aliyense atathiriridwa madzi akeake kuchokera mu jagi. Anadalitsa chakudya ndi amake Lute, mwachidule, asanandipatse mpata. Azakhali anakana kudya nafe. Ananyamula mbale yawo kupita kukhitchini kwa Esnati, ndipo tinkangomva akucheza. Nkhani imene alendowo anadzera sinatchulidwe ndi pang'ono pomwe. Pofika sikisitini awazi a Jere anati anyamuke kuti akwere mapiri kusanade. Tinawaperekeza ku galimoto, Esnati akuyenda kumbuyo kwenikweni atasenza kathumba ka mpunga kamene tinawapatsa. Analowa, zitseko zinatsekedwa, injini inalira. Ndinamva mwana akupuma mwamphamvu kumbuyo kwanga, ndipo sindinalimbe mtima kucheuka. Kenako galasi la mbali ya a Jere linatsika.

"Asebele," anatero.

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene akuitanidwa. Dzinali timaitanana anthu amene ana athu akwatirana, ndipo pamsewupo panalibe wina woliyankha koma ine.

"Ankhoswe athu abwera mukakolola. Mtsikana amene amateteza dzina la amalume ake pamene iye mwini akutaya banja, ameneyo sitimusiyira ena. Koma ndili ndi pempho limodzi. Pa ukwati adzapemphere wina."

Ndinati asade nkhawa, tsikulo ndidzasamba kasanu ndi kawiri, monga kazembe wakhate uja mumtsinje.

"Sindikunena za manja," anatero, galasi n'kukwera.

Ukwati unachitika mu Ogasiti. Anapemphera abusa, mphindi zitatu, ndipo palibe analira. Ine ndinakhala pa benchi ya kutsogolo, manja ali pa maondo, ndikuthokoza Mulungu amene amatha kuwongola ngakhale zimene wazikhotetsa ndi munthu wofuna zabwino.

Amake Lute amati phunziro lake ndi losavuta: choonadi chinenedwe pamsewu, chisanafike pa beseni. Ndimavomereza. Ulemu umene umaopa kunena zoona umawotcha alendo, ndipo ndinauona ndi maso anga, kapena ndinene kuti ndinaumva m'maso mwanga. Koma panali kanthu kamodzi kamene ndinakasunga mumtima osauza munthu. Azakhali aja anabuula pamene ndinatchula ana amasiye, osati mawuwo asanafike kapena atadutsa. Ndinkadzifunsa kuti tsabola angadziwe bwanji pofika mawu okhudza. Chaka chatha, Esnati atabereka mwana woyamba, azakhali anatsikanso kuchigwa kudzaona khanda. Nditawapeza okha pakhonde ndinakhala pansi chapatali, ndinawafunsa mmene aswerera, ndipo pambuyo pake ndinawafunsa motsitsa ngati pa misozi yonse ija panalibe ngakhale dontho limodzi la pemphero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi nkhope yawo yokoma mtima ija.

"Atate, inu ndinu munthu wabwino kwambiri," anatero. Kenako anandifunsa ngati chaka chino chimanga chachita bwino.